Damu, mtsinje, chikwere kapena thanki: njira iti yopezera nsomba ikuyenera Mulanje ndi Thyolo?

Nsomba zambiri zimene timagula pa Chitakale, pa Luchenza, pa Bvumbwe kapena pa Limbuli sizichokera m'madzi a kwathu kuno. Usipa ndi utaka zimabwera pa magalimoto kuchokera ku nyanja ya Malawi, matemba amachokera ku Chilwa kudzera ku Phalombe, ndipo milamba yowamba yambiri imachokera ku Chilwa komweko kapena ku chigwa cha Shire. Pofika pa msika wathu mtengo wake umakhala utasenza kale ndalama za mafuta, za wopikula ku doko ndi za wogulitsa, kotero kuti mabanja ambiri amangokwanitsa kamulu kamodzi kokometsera masamba. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya nsomba zokwana makilogalamu pafupifupi 14 pa chaka, koma pofika m'zaka za m'ma 2000 mlingowo unali utatsika kupitirira theka. N'chifukwa chake anthu ambiri m'maboma awiriwa akuganiza zoweta okha nsomba, ndipo njira zimene akumva n'zambiri. Alangizi amalimbikitsa madamu, achinyamata amaona pa Facebook mathanki odzaza milamba, ena amva za zikwere zowetera nsomba pa nyanja ku Mangochi, pamene akuluakulu ena amati mitsinje yathu ikanasamalidwa bwenzi ikutipatsa ndiwo monga kale. Njira zonsezi zili ndi pabwino pake, koma zimasiyana kwambiri pa zimene zimafuna kwa mlimi komanso pa mmene zimasiyira madzi amene tonse timadalira.

Poyambira ndi madzi

Musanasankhe njira iliyonse, yang'anani madzi a pamalo panu m'miyezi iwiri, Okutobala ndi Malichi. Okutobala amaonetsa kuchepa kwake, Malichi amaonetsa ukali wake. Ambiri amakumba damu ataona madzi akuyenda bwino mu Epulo kapena mu Meyi, kenako n'kudzapeza kuti kasupe uja amaphwa dzuwa likaswa mtengo, pa nthawi imene nsomba zimayenera kukula msanga chifukwa cha kufunda kwa madzi. Ena amakumba pakati pa khwawa penipeni poti ndi pamene madzi sasowa, ndipo alimi otere ndiwo anavutika kwambiri pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, pamene madzi anatsika m'mapiri ndi miyala ndi mitengo n'kukwirira madamu pamodzi ndi minda. Malo abwino ndi amene ali pambali pa njira ya madzi osefukira, koma otsika mokwanira kuti madzi afikepo okha kudzera mu ngalande imene mungaitseke mvula ikachuluka.

Dera lathu lilinso ndi zake zimene mlimi wa ku Salima kapena ku Chikwawa sadandaula nazo. Malo aakulu ali m'manja mwa maesiteti a tiyi, ndipo mabanja ambiri amalima malo osakwana hekitala imodzi, kotero kuti dera lililonse loperekedwa ku damu limachotsedwa ku chimanga, nandolo kapena dimba. Kuzizira nakonso n'kwathu. Nsomba za mtundu wa chambo zimakula bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 25 ndi 30, ndipo akatsika kufika pansi pa 20 zimachepetsa kudya n'kuleka kuswana, zomwe zimachitika chaka chilichonse chiperoni akagwa mu Juni ndi Julayi, makamaka m'madera okwera monga Bvumbwe ndi m'mphepete mwa phiri la Mulanje. Chomaliza, nthaka imene tiyi amakondwera nayo ndi ya asidi, ndipo damu lokumbidwa pa nthaka yotere limachedwa kubiriwira ngakhale mulithire manyowa, pokhapokha mutayamba mwawaza laimu kapena phulusa pansi pake musanalowetse madzi.

Kudalira mitsinje

Ruo, Lichenya, Likhubula, Muloza, Thuchila ndi Nswadzi ndi mitsinje imene makolo athu ankatcheramo miono ndi kuweza ndi mbedza, ndipo mpaka lero muli matemba, milamba ndi nsomba zina zazing'ono. Ubwino wa njirayi ngwoonekeratu: safuna mpamba, safuna malo, ndipo ngakhale banja losauka kwambiri lingapezeko ndiwo. Koma nsomba za mumtsinje n'za aliyense, ndipo zimatha msanga pakapanda wozilankhulira. Katupe akathiridwa pa dziwe amapha zazikulu ndi zazing'ono zomwe, masikito amene boma limagawa kuti ateteze ana ku malungo akasanduka khoka amakokolola ndi mazira omwe, ndipo kulima mpaka m'gombe kumagwetsera dothi mumtsinje n'kukwirira maiwe akuya amene nsomba zimabisalamo m'chilimwe.

Dziko lathu lili ndi zitsanzo za anthu amene anadziikira malamulo. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, pansi pa mfumu yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula chaka ndi chaka, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950 ndipo ukulemekezedwa mpaka pano. Ku nyanja ya Malombe makomiti a m'madoko anayamba mu 1993 chambo chitatha, ndipo lamulo loyendetsera usodzi la 1997 linatsegula khomo loti anthu a m'midzi azigwira ntchito limodzi ndi dipatimenti ya za nsomba posamala madzi awo. Komabe ku Malombe chambo sichinabwerere monga anthu ankayembekezera, pamene ku Mbenji nsomba zasungika, ndipo ine ndimaona kuti kusiyana kwake kuli pa mwini lamulo: limene anthu adziikira okha pansi pa mfumu imene amaimvera limakhalitsa kuposa limene labwera ndi pulojekiti. Mtsinje ndi wovuta kuulondera kuposa chilumba, chifukwa umadutsa m'midzi ya mafumu ambiri, ndipo Ruo mbali ina ndi malire athu ndi Mozambique, kotero kuti lamulo la tsidya lino silimanga wa tsidya lija.

Sindikhulupirira kuti mitsinje yathu, ngakhale itasamalidwa bwanji, ingakwanitse ndiwo za anthu onse a m'maboma awiriwa, pakuti tachuluka kwambiri poyerekeza ndi madzi amene tili nawo. Koma n'kulakwa kwakukulu kuinyalanyaza pa chifukwa chimenecho. Nyanja ya Chilwa itauma mu 1968 ndi mu 1995, nsomba zinapulumukira m'maiwe a m'mitsinje imene imathira m'nyanjayo, kuphatikizapo ya mbali ya Phalombe yochokera m'phiri la Mulanje, ndipo madzi atabwerera ndi nsomba zomwezo zimene zinadzazanso nyanja. Dziwe limodzi lakuya limene mudzi wagwirizana kuti lisathiridwe katupe kapena kukokedwa ndi masikito ndi nkhokwe ya mbewu ya mtsinje wonse. Kuonjezera apo, madamu onse amene tikambe pansipa amamwa madzi a mitsinje ndi akasupe omwewa, ndipo akasupewo amadalira mitengo ya m'phiri. Amene anaona mmene nkhalango ya pa phiri la Thyolo inathera amadziwa chimene chimachitikira timitsinje ta m'munsi mwake m'chilimwe.

Damu la dothi lodyetsera madeya ndi manyowa

Iyi ndiyo njira imene alimi ambiri a nsomba m'Malawi muno amatsata, ndipo ndi imene akatswiri a ku Domasi ku Zomba akhala akuphunzitsa kwa zaka zambiri, mogwirizana ndi bungwe limene lero limatchedwa WorldFish. Damu la mamita 20 mulitali ndi mamita 10 mulifupi limakumbidwa ndi makasu ndi mafosholo, kuya kwake kuyambira pafupifupi masentimita 80 kolowera madzi mpaka kupitirira mita imodzi kotulukira. Kwathu kuno ndi bwino kuzamitsa mbali yakuyayo mpaka mita imodzi ndi theka, chifukwa madzi akuya sazizira msanga usiku wa mu Juni ndipo saphwa msanga mu Okutobala. Khoma liyenera kutsenderedwa pang'onopang'ono pomanga, libzalidwe udzu, ndipo likhale ndi paipi yotayira madzi osefukira yotchingidwa ndi sefa kuti nsomba zisathawe.

Chakudya chenicheni cha nsomba m'damu lotere si madeya okha ayi, koma tizomera ndi tizilombo tating'onoting'ono timene timabadwa m'madzi mukathira manyowa a nkhuku, mbuzi, nkhumba kapena ng'ombe. Madzi abwino amakhala obiriwira, ndipo muyeso wake ndi mkono wanu: mukauviika mpaka m'chigongono, chikhatho chizingooneka mwa apo ndi apo. Chikamaoneka bwinobwino ndiye kuti manyowa achepa, ndipo chikasowa mkono usanafike pakati ndiye kuti achuluka, zomwe zimachititsa kuti m'bandakucha nsomba ziziyandama n'kumayasamula pamwamba posowa mpweya. Zikatero lekani kuthira manyowa ndi kudyetsa, ndipo lowetsani madzi atsopano.

Mphamvu ya njirayi ili pa kulumikizana kwake ndi ulimi wina wa pakhomo. Madzi a m'damu amathirira dimba, matope a pansi pake mukakolola amakhala manyowa a masamba, ndipo kholowa, nkhwani, chigwada ndi chisoso zotsala zimabwerera m'damu. Ku Thyolo, makamaka mbali ya Bvumbwe kumene alimi ambiri amaweta ng'ombe za mkaka, ndowe sizisowa. Koma ng'ombe zomwezo, pamodzi ndi nkhumba ndi nkhuku, zimalimbirana madeya ndi nsomba, ndipo mtengo wa madeya umakwera kwambiri m'miyezi ya njala, pamene mabanja ena amawagaitsa kuti aphikire nsima. Mlimi wanzeru amagula ndi kuyanika madeya nthawi yokolola, akadali otsika mtengo.

Zokolola zake n'zochepa, ndipo ndi bwino kuzinena mosabisa. Tiyerekeze kuti m'damu lija la masikweya mita 200 mwaikamo nsomba zitatu pa sikweya mita iliyonse, zomwe ndi nsomba 600. Zikapulumuka 450 ndipo iliyonse n'kulemera magalamu 80 pakatha miyezi isanu ndi umodzi, mwakolola makilogalamu 36. Zimenezi ndi ndiwo zabwino za banja ndi kandalama ka sopo ndi makope a ana, koma si malonda olemeretsa munthu. Amene amalonjeza alimi chuma chambiri kuchokera m'damu limodzi lodyetsera madeya amawagwetsa ulesi pakutha pa chaka choyamba, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene timaonera madamu ambiri atasiyidwa n'kumera bango. Adani nawonso alipo. Akatumbu amatha kutha nsomba zazikulu m'masiku ochepa, ng'azi ndi mbalame monga kakowa ndi nantchengwa zimatola zazing'ono, ndipo akuba amabwera ndi khoka usiku. Mpanda wa nsungwi wothithikana, zingwe zopingasa pamwamba pa madzi, ndi nthambi zaminga zoikidwa pansi pa damu kuti zikole ukonde wa wakuba zimathandiza, koma choposa zonse ndi kukumba damu pafupi ndi nyumba.

Mtundu wa nsomba

Kusankha mtundu kumasintha zotsatira kuposa mmene ambiri amaganizira. Makumba, nsomba za m'gulu la chambo, ndiwo amapezeka mosavuta, amapirira, ndipo amaswana okha m'damu. Kuswanako ndiko ubwino wake komanso vuto lake, pakuti amayamba kubereka akadali aang'ono, yaikazi imasunga mazira m'kamwa osadya, ndipo posakhalitsa damu limadzaza tinsomba tosakula tolimbirana chakudya. Monga mmene chimanga chosapatulira chimaberekera tizitsononkho, damu losapatulira limapereka nsomba zambiri zosalemera kanthu. Njira imodzi ndi kuweta zamphongo zokhazokha, zimene zimakula msanga kuposa zazikazi. Mlangizi angakuphunzitseni kuzisiyanitsa ndi maso zikafika pafupifupi magalamu 30. Njira ina ndi kuikamo milamba yochepa makumba atakula kale, kuti izidya tiana tochuluka.

Chilunguni chimakonda masamba, motero chimayenera mlimi amene ali ndi dimba koma madeya ndi ochepa. Nyama yake ndi yokoma ndipo ogula amaikonda, ndipo kuchiweta pamodzi ndi makumba kumathandiza chifukwa mitundu iwiriyi sidya chakudya chimodzimodzi. Chambo chenicheni cha ku nyanja chimachedwa kuyamba kuswana, kotero chimakula bwino ndipo chimagulidwa pa mtengo wabwino, koma mbewu yake ndi yosowa ndipo pali ogulitsa ena amene amapereka makumba n'kumati ndi chambo.

Mlamba umakula msanga kuposa zonsezi, umapuma mpweya wa kunja kwa madzi, ndipo umapirira m'madzi amene nsomba zina zingafe. Koma suswana wokha kawirikawiri m'damu, ana ake amafa ambiri akadali aang'ono podyedwa ndi achule ndi tizilombo ta m'madzi, ndipo milamba ikasiyana misinkhu imadyana yokhayokha. Palinso nkhani ya msika imene mlimi wa ku Thyolo sayenera kuiiwala. Kuzungulira Malamulo ku Makwasa, kumene mpingo wa Seventh-day Adventist unakhazikika mu 1902, ndi m'madera ena ambiri, muli mabanja ochuluka amene sadya nsomba zopanda mamba chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Woweta milamba kumeneko ayambe wadziwa kumene akagulitse.

Za mbewu ndinenepo mwamphamvu. Chizolowezi chotenga tiana totsala m'damu la mnzathu akakolola chimaoneka chopulumutsa ndalama, koma nthawi zambiri timatenga nsomba zokalamba zopinimbira, kapena za pachibale zimene zakhala zikuswana zokhazokha kwa zaka zambiri. Ndi mmenenso matenda amayendera. Matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anatsimikizika m'dziko muno mu 2020 ku Mchinji, ndipo amafala kudzera mu nsomba zamoyo, madzi osefukira ndi maukonde obwerekana osayanikidwa. Mbewu muziitenga kwa oswetsa odziwika ku ofesi ya za nsomba ya boma lanu, ndipo khoka lobwereka liziyanikidwa pa dzuwa mpaka kuuma lisanalowe m'damu lina.

Damu lomwelo, koma ndi chakudya chogula

Mlimi akafuna kuti nsomba zikhale malonda enieni, amasiya kudalira madeya n'kuyamba kugula chakudya chopangidwa ku fakitale, makamaka choyandama, chimene chimakhala ndi zomanga thupi pafupifupi magawo 30 pa 100 alionse. Chakudya choyandama chimalola mlimi kuona mmene nsomba zikudyera n'kuleka zikakhuta, pamene chomira chimatha kuwolera pansi. Pa kasamalidwe kabwino, kilogalamu imodzi ya nsomba imafuna chakudya chokwana kilogalamu imodzi ndi theka mpaka awiri, ndipo damu lomwe lija lingathe kusunga nsomba zisanu pa sikweya mita n'kuzikulitsa kwambiri pa nthawi yomweyo. Masamu ake ngosavuta ndipo aliyense awachite asanagule thumba loyamba: mtengo wa makilogalamu awiri a chakudya, kuphatikiza mbewu ndi thiransipoti, uyerekezedwe ndi mtengo wa kilogalamu imodzi ya nsomba pa msika wanu, osati pa msika wa ku Blantyre umene simudzafikako.

Chiopsezo chake chili pa mtengo wa chakudyacho. Kwa zaka zambiri chakudya choyandama chakhala chikuchokera kwambiri ku Zambia, ndipo mtengo wake umatsata kwacha. Ndalama yathu itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zochokera kunja zinakwera mtengo nthawi yomweyo. Mlimi amene ndalama zamuthera nsomba zili pakati pa ulendo amabwerera ku madeya ali ndi damu lodzaza mopitirira zimene madeya angadyetse, ndipo amataya zambiri kuposa amene sanayambe n'komwe. Pakati pa njira ziwirizi pali yachitatu imene ine ndimaiona yoyenera ambiri: kusunga madzi obiriwira ndi manyowa, n'kumadyetsa madeya osakaniza ndi ufa wa soya wokazinga. Soya ayenera kukazingidwa, chifukwa wosaphika ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa nsomba kugaya bwino chakudya. Ena amaonjezamo ufa wa usipa, ndipo nsomba zimakuladi, koma sindiona nzeru yake yodyetsa nsomba za m'damu usipa umene ana a m'mudzi momwemo akuusowa pa mbale. Zinyenyeswa ndi fumbi lotsala pansi pa matumba kumsika ndizo zoyenera ntchito imeneyi.

Amene ali ndi madamu angapo ndipo akupatutsa madzi ambiri mumtsinje akumbukire kuti lamulo la za madzi la 2013 limafuna chilolezo chochokera ku bungwe la boma loyang'anira madzi la National Water Resources Authority. Akumbukirenso a kumunsi: madzi otuluka m'damu lodyetsedwa kwambiri azidutsa m'dimba kapena m'nthochi asanabwerere mumtsinje umene ena amatungamo.

Zikwere

Kuweta nsomba m'zikwere zoyandama kunayambitsidwa ndi kampani ya Maldeco ku Mangochi mu 2004, ndipo pa nyanja yakuya njirayi imatulutsa nsomba zambiri pa malo ochepa. Kwathu kuno nyanja kulibe. Madzi oima aakulu amene alipo ndi madamu a maesiteti, omangidwira ulimi wothirira ndi mafakitale, ndipo ali ndi eni ake. Gulu la alimi lingakambirane ndi esiteti, koma pafunika mgwirizano wolembedwa wonena za mlonda, za mwini nsomba, ndi za chimene chidzachitike madzi akatsitsidwa m'chilimwe pothirira tiyi. Nsomba ya m'chikwere sipeza chakudya chachilengedwe chokwanira, choncho chilichonse n'chogula, ndipo zotsala ndi ndowe zake zimaunjikana pansi n'kuononga madzi ngati damulo ndi losaya. Kwa mlimi wamba wa kuno njirayi ndimaiika kumapeto. Kumene kuli damu la mudzi kapena la sikimu ya ulimi wothirira, kungoikamo makumba ndi chilunguni n'kugwirizana masiku ndi zida zophera kumapindulitsa anthu ambiri pa mtengo wochepa kwambiri.

Mathanki

Mathanki a simenti kapena a pulasitiki amakopa achinyamata a m'matauni monga Luchenza ndi pa boma, chifukwa amakwana kuseri kwa nyumba ndipo akatumbu ndi madzi osefukira sawafika. Ku Blantyre kampani ya Chambo Fisheries inamanga famu yaikulu ya mathanki, umboni woti njirayi ndi yotheka m'dziko muno. Koma nsomba zikathithikana, moyo wake umadalira makina opopera mpweya ndi kusintha madzi, ndipo makinawo amadalira magetsi. Tonse tikukumbuka mmene magetsi ankazimira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022 n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Makumba othithikana m'thanki amatha kufa onse m'maola ochepa makina akaima. Amene alibe sola kapena jenereta ayese ndi milamba yokha, imene imapirira mpweya ukachepa, ndipo ayambe ndi thanki imodzi, azisankhula nsombazo potsata misinkhu kuti zisadyane. Pamene mathanki amapambana njira zina zonse ndi pa kuswetsa ndi kulera mbewu, ntchito imene imafuna malo ochepa, maso akuthwa ndi ukhondo, ndipo msika wake ulipo chifukwa mbewu yabwino ndiyo imasowa kwambiri m'midzi yathu.

Nsomba zachilendo

Nthawi zambiri alimi amafunsa chifukwa chake boma limakaniza mitundu yokula msanga imene anzathu a ku Zambia amaweta. Funsoli si lopusa, pakuti makumba amakuladi pang'onopang'ono. Nsomba ya carp inabwera m'dziko muno mu 1976, ndipo alimi a kuno kum'mwera anaikonda chifukwa imapirira kuzizira, koma inaletsedwa mu 1992 poopa kuti ingafike ku nyanja ya Malawi, kumene kuli mitundu ya nsomba mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Nile tilapia nayo ndi yoletsedwa, chifukwa kumene yalowa imakwerana ndi mitundu ya komweko n'kuimeza. Ena amati Mulanje ndi Thyolo apatsidwe ufulu poti madzi athu ambiri amatsikira ku Ruo, amene amakumana ndi Shire pa Chiromo, kumunsi kwa mathithi amene nsomba sizingakwere. Koma nsomba sizimangoyenda ndi mtsinje. Zimayenda m'zigubu pa njinga ndi pa minibasi, ndipo mbewu imene yafika pa Luchenza lero ingapezeke ku Liwonde mawa lake. Ngakhale itangotsikira ku Shire, ikapezako makakana, nsomba za m'gulu la chambo zimene ndi ndiwo ndi chuma cha anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa. Pa nkhani imeneyi ndili mbali ya lamulo, ndipo chiyembekezo changa chili pa ntchito yosankha ndi kukonza mbewu ya makumba imene akatswiri athu akuchita ku Domasi. Wina akakutsatsani mbewu yozembetsedwa pa malire a Muloza, ikaneni.

Damu la gulu kapena la banja

Mabungwe ambiri amakonda kukumbitsa damu limodzi la kalabu ya anthu makumi awiri, chifukwa n'kosavuta kuwaphunzitsa pamodzi. Koma makilogalamu 36 aja akagawidwa kwa anthu makumi awiri, aliyense amapita kwawo ndi zosakwana makilogalamu awiri atagwira ntchito theka la chaka, ndipo chaka chachiwiri obwera kudzadyetsa amachepa. Zimene ndaona zikukhalitsa ndi zoti damu likhale la banja, pamene kalabu ikhale yogulira zinthu zimene munthu mmodzi sangakwanitse: khoka, sikelo, mbewu yobwera pa ulendo umodzi, ndi matumba a chakudya. Kalabu imathandizanso kuti mamembala asakolole tsiku limodzi n'kugwetsana mtengo. Poti kwathu kuno malo ambiri amatsata kuchikazi, ndi bwino kuti banja likambirane ndi eni mbumba lisanakumbe, kuti pasadzabuke mkangano wa mwini damu pa tsogolo.

Nthawi yoika ndi yokolola

Pali alimi amene amakolola zonse kamodzi n'kuumitsa damu, ndipo pali ena amene amangopatula pang'onopang'ono ndi mbedza kapena mono chaka chonse. Kupatula kumayenera banja lofuna ndiwo sabata ndi sabata, ndipo kumachepetsa kuthithikana, koma kukapitirira zaka osaumitsa damu mumatsala nsomba zopinimbira zokhazokha, chifukwa zazikulu ndi zokula msanga ndizo zimayamba kugwidwa. Amene akutsata njirayi aziumitsabe damu kamodzi pa chaka kapena pa zaka ziwiri, achotse matope, awaze laimu, ndi kuyambanso ndi mbewu yatsopano.

Kwa wofuna kugulitsa, nyengo yathu imalozera yokha nthawi yabwino. Juni ndi Julayi ndi miyezi youmitsa ndi kukonza makoma, poti nsomba sizikula m'chisanu. Mbewu iikidwe kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala madzi akayamba kufunda, malinga ngati kasupe wanu amafika mu Okutobala osaphwa. Pofika mu Febuluwale nsomba zimakhala zitakwanitsa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo ndi nzeru kuchotsa zambiri nthawi imeneyi, mvula yamkuntho ya kumapeto kwa dzinja isanayese makoma anu. Nthawi yomweyi nsomba zimakhala zosowa pa misika, chifukwa makoka amakhala oletsedwa ku Chilwa pofuna kuti nsomba ziswane, ndipo kuyanika usipa ku nyanja kumavuta ndi mvula. M'midzi ndalama zimakhala zochepa m'miyezi imeneyi, koma m'maesiteti ndi nyengo imene tiyi amathyoledwa kwambiri ndipo antchito amakhala ochuluka. Lengezani tsiku lokolola pasadakhale, lifanane ndi masiku a malipiro, ndipo kokani khoka m'mamawa kusanatenthe kuti ogula atenge nsomba zikadali zamoyo pa damu pomwepo, popanda kufuna ayezi kapena galimoto.